Dandaulo: pulogalamu yanu ikuonetsa ngongole za anthu pa sikirini ya ogula

Kwa inu akampani amene munatigulitsa makina a pa kauntala okhala ndi masikirini awiri,

Ndalemba poyera chifukwa mauthenga amene ndakhala ndikutumiza ku ofesi yanu akungoyankhidwa kuti nkhaniyi ikuunikidwa. Makinawa tinawagula kuti sikirini yaikulu ikhale ya wogulitsa, ndipo yaing'ono, yoyang'ana kwa wogula, izionetsa katundu amene watenga ndi ndalama zoti alipire basi. Chisinthireni pulogalamu yanu, masamba amene wogulitsa watsegula akumatulukira ku sikirini ya wogula, makamaka magetsi akathima n'kuyakanso, ndipo palibe pamene munthu angasankhe kuti tsambalo libwerere kwake.

Limene likundipweteka mtima kwambiri ndi tsamba la ngongole. M'menemo muli mayina a anthu amene amatenga ufa, shuga ndi mafuta ophikira kuti adzalipire mwezi ukatha, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu olemekezeka a m'dera lomwe lino amene anatikhulupirira kuti tiwasungira chinsinsi. Munthu wongobwera kudzagula sopo amaima n'kuwerenga dzina la mnansi wake pamodzi ndi ndalama zimene sanabweze, pamene wogulitsa akudinadina batani pa sikirini yake yosasintha, osadziwa kuti zonse zili pambalambanda kutsogolo kwa mzere. Tsamba la mitengo imene timaodera katundu nalonso likutero. Pakali pano sikirini ya ogulayo taiphimba ndi katoni, choncho wogula sakuonanso zimene akulipira, ndipo mikangano ya chenji yayambiranso.

Wogwira ntchito wanu anatiuza kuti umo ndi mmene Android imagwirira ntchito, koma yankho limeneli sindikulivomereza. Kuyambira pa Android 8.0, imene inatuluka mu 2017, wolemba pulogalamu ali ndi njira yotchulira sikirini imene tsamba liyenera kutsegukira, ndipo makina amene munatigulitsa ali ndi Android yatsopano kuposa imeneyo. Ndiponso pulogalamu yanu yakale inkachita zimenezi bwinobwino pa makina omwewa.

Ndikupempha kuti muike malo osankhira sikirini ya tsamba lililonse, pulogalamu izikumbukira chisankhocho ngakhale makina atazima, ndipo masamba a ngongole ndi mitengo yoodera asamathe n'komwe kutsegukira kwa wogula. Ngati kukonzako kutenga nthawi, tibwezereni pulogalamu yakale sabata ino, ndipo mutiyankhe pompano potchula tsiku limene katswiri wanu adzafike.