Lipoti la msonkhano wa Loweruka: sitima ya akapolo yomwe inamira pa Clifton

A chair, amayi ndi abambo nonse a mugulu, zikomo pondituma. Pepani ndachedwa kulemba, Lamlungu ndinali pa shifiti ndiye ndinafika kunyumba nditatheratu.

Msonkhano wokamba za malonda a akapolo uja unayamba cha m'ma 10, holo inadzaza, ena a ku Mozambique, ena makaladi a konkuno ku Cape, Amalawi tinalipo atatu basi. Zoyamba zinali zamanambala, kuti anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa sitima kuchoka mu Africa kupita ku America ndipo omwe anafika amoyo ndi ngati 10.7 miliyoni, otsalawo anathera m'madzi. Apa ndimangolemba, mtima unali usanakhudzike, inetu nkhani ya sitima za akapolo ndimaitenga ngati ya aku Ghana ndi Senegal uko.

Kenako mayi wina wa zofukula zakale anayamba kukamba za sitima ya Apwitikizi dzina lake São José. Inanyamuka pa chilumba cha Mozambique pa 3 December 1794 itanyamula anthu opitirira 500, ulendo wa ku Maranhão ku Brazil kukawagulitsa m'minda. Pa 27 December usiku inagunda miyala nkusweka, ndipo mukudziwa kuti ndi pati? Pa Clifton, gombe la konkuno ku Cape Town. Clifton yomweyi amayi ena mugulu muno mumakachapa ndi kusita, pomwe ena timakatchetcha kapinga, mamita ochepa chabe kuchoka pomwe azungu amagona padzuwa paja. Anthu 212 anamira pomwepo. Kaputeni ndi antchito ake onse anapulumuka, palibe ndi mmodzi yemwe anafa, ndiye opulumuka mwa akapolowo musaganize kuti anawamasula ayi, anawagulitsa konkuno ku Cape ngati katundu amene wangonyowa pang'ono.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi zitsulo. Anationetsa zithunzi za zitsulo zazitali zolemera zomwe anazivuula pansi pa nyanja, zadzimbiri zokhazokha. Akuti ankaziika pansi pa sitima chifukwa munthu salemera ngati migolo ya katundu, komanso munthu amasuntha, amaonda, amafa nkutayidwa m'madzi, ndiye sitima imapepuka nkuyamba kupendama. Ndiye kuti Apwitikiziwo asananyamuke kwawo ku Lisbon kupita ku Mozambique anali atawerengetsa kale zonsezi. Ndinasiya kulemba, bambo wina pambali panga anangoti "eish" nkuvula chipewa. Zitsulo zomwezo ndi zomwe zinathandiza kudziwa kuti ndi sitima ya akapolo, poti omwe anayamba kuiona m'ma 1980 ankati ndi ya ma Dutch, zoona zake zinalengezedwa mu 2015, ndipo chaka chomwecho anabweretsa dothi la ku Mossuril ku Mozambique nkulithira m'madzi pamalopo, ngati mmene timaponyera dothi pamanda.

Akatswiri akuti ambiri mwa anthuwa anali Amakua. Alomwe a mugulu muno, a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, amenewa ndi abale anu enieni, chilankhulo chake nchapachibale. Ine nditaimika mkono ndinanenako za kwathu ku Nkhotakota, kuti Jumbe ankasonkhanitsa anthu pamenepo, nkuwaolotsa nyanja pa zombo, kenako wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la Tanzania, atamangidwa magoli m'khosi, uko nkukwezedwanso kupita ku Zanzibar komwe msika wa akapolo unatsekedwa mu 1873. Ambiri m'holomo samadziwa, ankalemba. Koma ndisaname, mnyamata wina wa ku Nampula anafunsa kuti nanga ankawagwira kumidzi ndi ndani, Apwitikizi okha? M'holo munati zii. Tonse tikudziwa kuti mafumu ena ndi amalonda akuda anzathu ankagulitsa anthu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Nkhani imeneyi anaidumpha mwachangu ati nthawi yatha, ine sindinakondwe nazo, tiyi akanadikira.

Masana tinayenda wapansi kupita ku Slave Lodge, nyumba ija ili kumtunda kwa Adderley Street, timaidutsa daily popita ku siteshoni. Inamangidwa mu 1679 kuti kampani ya ma Dutch izisungiramo akapolo ake. Ukapolo kuno unathetsedwa pa 1 December 1834 koma anthu anawagwiritsabe ntchito mokakamiza mpaka 1838. Ana anu mukawatengereko tsiku lina, si kutali.

Tsopano chomwe munandituma, kuti kodi gulu lathu lingachitepo chani. Maganizo anga ndi oti pa 27 December tipite ku Clifton m'mawa kusanadzaze anthu, tikaime pamchenga, abusa apemphere, a sheikh nawo apange dua, amayi ayimbe nyimbo imodzi ya maliro basi. Sizifuna ndalama zambiri, transipoti yokha. Amene akupita kumudzi mwezi uno atitengereko dothi pang'ono m'kabotolo, la ku Nkhotakota kapena ku Mulanje. Vuto ndi loti ambiri tsiku limenelo timakhala pa ntchito poti ndi sizoni, ndiye a chair muiike pa ajenda Lamlungu likubwerali tione kuti angapeze off ndi angati.

Pa R300 munandipatsa ija ndagwiritsa R180, taxi ndi chakudya. Tchenji ndi malisiti ndipereka kwa a treasurer tikakumana.