Kalata kwa mwana wanga wopita kukapeka nyimbo ku Nashville

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, mayi ako akupereka moni. Popeza watsimikiza zokapeka ndi kujambula nyimbo za country ku Nashville, ndati ndikulembere za mapepala. Luso uli nalo kale, koma ambiri amagwa pa kusaina.

Nyimbo imodzi imakhala ndi eni ake pawiri. Mawu ndi maimbidwe ndi za wopeka. Chojambulidwacho, chimene amati master, kawirikawiri ndi cha kampani imene yalipira situdiyo. Ku America wayilesi za FM ndi AM zimalipira wopeka ndi publisher wake (kampani yosamalira ndi kutsatsa nyimbo za wopeka) basi, mwini master ndi wojambula (producer) sapatsidwa kanthu. Choncho usaleke kupeka ngakhale ntchito yojambula ikukomere.

Lembetsa ku BMI kapena ku ASCAP, kumodzi kokha. Amenewa amatolera ndalama nyimbo ikaulutsidwa kapena ikaimbidwa pagulu. Gawo lina la ndalama za pa Spotify limadzera ku The MLC, bungwe limene linayamba ntchito mu 2021, ndipo ngati ulibe publisher ukalembetseko wekha, apo ayi ndalama zako zizingokhala ngati zopanda mwini.

Ku Music Row, dera la masitudiyo ndi makampani a nyimbo ku Nashville, anthu amapeka awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, ndipo mwambo wake n'kugawana mofanana, ngakhale wina wangoponyapo mzere umodzi. Usalimbane nazo, mawa woponya mzere umodziyo adzakhala iwe. Koma musanatuluke, lembani mutu wa nyimbo, tsiku, mayina ndi gawo la aliyense, nonse musaine.

Publisher akakufuna, adzakulonjeza ndalama za mwezi ndi mwezi. Si malipiro ayi, ndi ngongole imene adzadula pa zimene nyimbo zako zidzabweretse. Apa ndiye utsegule maso. Kontirakiti ikati upereke nyimbo 12 pachaka, dziwa kuti nyimbo yopeka anthu atatu imawerengedwa gawo limodzi mwa atatu, ndiye kuti udzafunika nyimbo 36. Funsanso amene adzalipire demo (kujambula koyamba kongoonetsera nyimbo), ndiponso ngati nyimbo zosagulidwa zidzabwerere kwa iwe. Loya akhale wako, osati amene akupatsa iwowo. Ukamva kuti woimba wina waika nyimbo yako pa hold, usayambe kugula galimoto. Wangoisunga, atha kuisiya patapita miyezi.

Mu situdiyo, oimba zida amabwera kwa maola atatu, nthawi zambiri 10 koloko m'mawa, 2 koloko masana kapena 6 koloko madzulo. Amawerenga manambala a Nashville Number System: mu kiyi ya G, 1 ndi G, 4 ndi C, 5 ndi D. Lemba mapepala a manambalawo dzulo lake. Ndipo kiyi muipeze ndi woimbayo musanalowe, poyesa pamene mawu amakwera kwambiri. Mukaipeza yolakwika oimba zida atapita, mudzalipiranso kachiwiri.

Wojambula amalandira ndalama yoyambira ndi maperesenti atatu kapena anayi a malonda a nyimbo zimene wajambula. Ndalama za master zochokera ku wayilesi za satelayiti ndi za pa intaneti zonga SiriusXM zimadzera ku bungwe la SoundExchange, ndipo sudzaziona pokhapokha woimba atasaina Letter of Direction, kalata youza bungweli kuti likupatse gawo lako. Umusainitse ntchito isanathe, mukadali kumvana.

Chomaliza, viza ya alendo silola kugwira ntchito yolipidwa. Loya wa za viza umuone usanagule tikiti, ndipo undiuze zimene wanena.

Ndine,
Bambo ako