Bwezerani gawo 64 m'malamulo aakulu a dziko lino

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa matenda omwe akhala akudya ufulu wathu chiyambire 1964. Aliyense akakhala pampando, amayamba wachotsa zinthu zomwe zingamufunse mafunso.

Zinayamba ufulu usanathe ndi miyezi itatu yomwe. Mu Seputembala 1964 a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Augustine Bwanausi anachotsedwa unduna chifukwa chosiyana maganizo ndi Dr Banda, ndipo a Masauko Chipembere anatula pansi udindo. Pofika 1966 chipani chinali chimodzi, mu 1971 pulezidenti n'kukhala wamuyaya.

Amalawi atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, olemba malamulo atsopano anaikamo zotchinga kuti zakale zisabwerere. Gawo 64 linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analifafaniza mu 1995, lisanagwire ntchito ngakhale kamodzi. Nyumba ya Seneti, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, anaichotsa mu 2001 isanakumanepo. Makhansala omwe tinasankha mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, makhonsolo anakhala opanda khansala mpaka 2014. Gawo 65, lomwe limati phungu wosamuka chipani ataye mpando wake, lilipo, koma limadikira sipikala, ndipo tonse tikukumbukira momwe bajeti inkachedwera mu 2007 ndi 2008 aphungu akukokanakokana za omwe anasamuka chipani.

Zotsatira zake timaziona kumudzi. Phungu akapambana amasamukira ku Lilongwe, mjigo n'kufa, mlatho n'kukokoloka, anthu n'kudikira zaka zisanu. Akabwera amabwera ndi nsalu ndi bokosi la maliro, chifukwa akudziwa kuti palibe lamulo lomwe lingamugwedeze.

Aphungu amati gawoli likabwerera, amene anagonja pachisankho azisonkhanitsa masaini tsiku ndi tsiku. Nkhawayi ndi yomveka, koma mankhwala ake ndi kulemba lamulo mosamala. Pempho lisaloledwe m'chaka choyamba, phungu asanaonetse ntchito, kapena m'chaka chomaliza, chisankho chili pafupi. Osayina akhale theka la anthu olembetsa m'deralo, aliyense ndi nambala ya chitupa cha unzika, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC litsimikize mayinawo m'masiku owerengeka. Zifukwa zilembedwe momveka, monga kujomba ku Nyumba ya Malamulo kapena kusakaza ndalama za chitukuko cha m'dera (CDF), ndipo phunguyo apatsidwe mpata wodziteteza kukhoti. Pempho likalephera, lina lisabwerenso m'zaka zisanuzo, chifukwa chisankho chapadera chimadya ndalama zambiri za misonkho.

Aphungu sangabweretse okha lamulo lowasautsa. Ndikupempha mipingo, mafumu ndi mabungwe kuti aliyense wofuna uphungu azisayinitsidwa pamsonkhano, pamaso pa anthu, kuti akadzavotera kubwezeretsa gawo 64, ndipo nyuzipepala yanu izisindikiza mayina a okana.

Wowerenga wanu,
Zomba