Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wa maphunziro a alaliki ku Ulongwe, Angónia

Abusa athu, akulu a mpingo, atumiki ndi amayi a Chigwirizano, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye.

Munandituma kukaimira mpingo wathu pa msonkhano wokambirana za kuphunzitsa alaliki pakati pa abale athu a Igreja Reformada em Moçambique, ku Vila Ulongwe m'boma la Angónia, m'dziko la Mozambique. Munandisenzetsa funso limodzi: kodi titumize mlaliki wathu akakhazikike kumeneko, monga ena anapempha pa bwalo lapitali? Yankho lomwe ndabwera nalo ndi lakuti ayi, tisatero. Alaliki aliko kale, ochuluka ndithu, ndipo ndiwo agwira mpingo. Chimene akusowa ndi mabuku komanso maphunziro owapeza komwe ali.

Tinatulukira pa chipata cha Dedza n'kulowa ku Calómuè, ndipo tinayenda bwino. Atilandira ngati ana obwera kwawo, Chichewa chake chomwechi.

Gawo loyamba linali la mbiri, ndipo ndikupemphani muimve, pakuti ndiyo yandisintha maganizo. Amishoni a Dutch Reformed Church, omwewo anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anatsegula mishoni ya Mphatso ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1922 boma la Apwitikizi linaitseka, amishoni n'kuchoka. Akhristu anatsala okha, ndipo kwa zaka zambiri ofuna ubatizo kapena Mgonero ankadutsa malire wapansi kubwera ku mipingo ya kuno kwathu. Ufulu utabwera pa 25 June 1975, boma la Samora Machel linatenga sukulu ndi zipatala za mipingo mwezi wotsatira womwewo, ndipo mu 1977 chipani cha Frelimo chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Mipingo inapanikizidwa, matchalitchi ena anatsekedwa. Pamwamba pa izo panadza nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene ife a ku Dedza ndi Ntcheu sitichita kuuzidwa: anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ena a iwo tinkatunga nawo madzi pa mjigo umodzi. Frelimo inasiya chiphunzitso chija mu 1989, koma mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Tawerengani nokha: kuyambira 1922 mpaka 1992 ndi zaka 70. Nthawi yonseyo ndani ankaima kutsogolo Lamulungu? Ndani ankaika maliro, kuphunzitsa kalasi, kuyendera odwala? Nthawi zambiri anali akulu a mpingo, alimi a chimanga ndi mbatatesi, ambiri osapita patali ndi sukulu. Nawonso Akatolika anadutsa momwemo. Pa msonkhano wawo wa ku Beira mu 1977 anagwirizana zodalira timagulu ta akhristu totsogozedwa ndi anthu wamba, ndipo mu 1985 ansembe awiri a Chijezwiti anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, mu Angónia momwemo. Anthu otere sitingawapitire ngati tikukayamba mpingo pa tsala.

Ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire amene amayang'anira nyumba ya mapemphero ya kumudzi. Buku Lopatulika lake ndi lomanga ndi mphira, chikuto chinatha kalekale, ndipo masamba ena a Masalimo anasosoka. Analilandira ali ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo kuwerenga anaphunzirira momwemo. Mphunzitsi atatigawa m'magulu n'kutipatsa fanizo la wofesa pa Marko 4 kuti tikonze ulaliki, bamboyu anaunena mutu wonse pamtima osaphonya. Koma atafunsidwa kuti mfundo yaikulu ya ndimeyo ndi iti, ndipo aigawa bwanji kuti anthu aitsate, anaweramitsa mutu. Anati chiyambire kulalikira palibe anamufunsapo funso lotero. Mphunzitsi anakhala naye pansi, namufunsa pang'onopang'ono: akulankhula ndani, akuuza yani, nanga Yesu mwini akumasulira chiyani kuyambira vesi 14? Madzulo ake bamboyo anaima n'kulalikira mwachidule, mfundo zitatu zolondoloza bwino, ndipo anatchula za udzu wa kaufiti umene umafooketsa chimanga m'munda mwake. Tonse tinangoti zii. Mtima wanga unawawa poganiza kuti munthu ameneyu wadikira zaka zonsezi thandizo la masana amodzi.

Sukulu ya ubusa iliko. Hefsiba, ku Ulongwe komweko, inatsegulidwa nkhondo itangotha ndipo yatulutsa abusa amene akutumikira m'masinodi a Mphatso, Thumbine ndi kwina. Ntchito yake ndi yotamandika. Kungoti mbusa mmodzi amakhala ndi nyumba za mapemphero zambiri zotalikirana, moti kwina amafikako pa Mgonero pokha. Masabata ena onse guwa lili m'manja mwa akulu. Ndiye pali nkhani ya chiyankhulo. Maphunziro apamwamba ali m'Chipwitikizi, pomwe ulaliki wa kumudzi uli m'Chichewa. Achikulire amawerenga Chichewa bwino koma Chipwitikizi chimawavuta. Achinyamata anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, ndipo ena amadodoma akapatsidwa Buku Lopatulika kuti awerenge pamaso pa anthu. Apa m'pamene ife tili ndi chopereka chenicheni, chifukwa mabuku a Chichewa tili nawo.

Panali kusamvana pang'ono, ndipo sindikubisirani. Nthumwi zina zinkafuna kuti ndalama zonse zipite kolipirira achinyamata ophunzira ubusa, poti ndiwo tsogolo. Ena anati akulu omwe akulalikira lero asaiwalike, ndipo mkulu wina anakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndinaima ndi gulu lachiwirili, osati chifukwa ubusa ndi wochepa, koma chifukwa thumba la mpingo ngati wathu silingaphunzitse mbusa mpaka kumaliza, pomwe lingathe kufikira akulu ambiri chaka chilichonse. Tinagwirizana kuti masinodi apitirize za abusa, ndipo mipingo ya m'malire ithandize maphunziro afupiafupi a m'midzi. Achitike anthu akakolola, mvula isanagwe, kuti wina asasiye munda. Aphunzitsi otsogolera akhale abusa a komweko. Athu apite akaitanidwa, kukathandiza basi.

Amayi anayankhula mosapsatira. Anati iwo ndiwo amaphunzitsa ana ndi kutsogolera mapemphero a pakati pa sabata, choncho maphunzirowo asawadumphe. Msonkhano unavomera. Amayi a Chigwirizano, mawu amenewa ndawabweretsa kwa inu makamaka.

Zomwe ndikupempha bwalo kuti ligamule ndi izi. Choyamba, tichotse pa ndondomeko yathu ganizo lotumiza mlaliki wokakhazikika. Chachiwiri, gawo la chopereka cha masika chaka chino ligule Mabuku Opatulika, makatekisma ndi mabuku a nyimbo, makamaka a zilembo zazikulu ngati apezeka, poti maso a akulu ambiri afooka. Chachitatu, tiwamasule Abusa athu sabata imodzi pachaka akaitanidwa kukaphunzitsa, ndipo tiwalipirire ulendo. Anatchulanso za njinga zakapalasa, koma ndinawauza kuti sindingalonjeze chimene simunanditume.

Ndalama za ulendo zomwe zinatsala ndazibweza kwa msungichuma pamodzi ndi malisiti. Abale athu akudikira yankho lathu m'kalata isanafike nthawi yokolola, choncho ndikupempha Mlembi aike nkhaniyi pa bwalo likudzali.

Zikomo.

Ine nthumwi yanu.