Tiuzeni komwe mpira ukupita, osati zigoli zokha

Akonzi,

Ndine m'modzi mwa anthu amene nyuzi yanu timayambira kumbuyo, tsamba la masewero kaye zandale pambuyo, ndiye ndati ndikudandaulireniko pa nkhani ya manambala mu mpira. Masiku ano mu vidiyo shoo gemu ikangofika hafu taimu anyamata onse mitu pansi, mafoni m'manja, uyu watsegula Sofascore uyu FotMob, ma app a manambala a mpira aja, mkangano wayambika kuti ife ndi amene tikusunga mpira, taonani maperesenti. Ineyo zimandisangalatsa kwabasi chifukwa kale tinkangotsutsana ndi mawu okhaokha, amene ali ndi kukhosi kwakukulu ndi amene ankawina. Koma ndikuona kuti ambiri tangogwira nambala imodzi yokha ya possession ija, pomwe nambala imeneyo payokha siinena kanthu.

Kumbukirani gemu ya Spain ndi Morocco ku World Cup ya ku Qatar, pa 6 December 2022. Spain inasunga mpira pafupifupi maperesenti 77, mapasi oposa 1,000, koma mphindi zonse 120 shoti yolunjika pagolo inali imodzi yokha basi. Zinathera 0-0 ndipo pa mapenate Morocco inawina 3-0, goloboyi wawo Yassine Bounou anagwira awiri, ya Sarabia wa Spain inamenya pholo, Hakimi n'kudzamaliza ndi ka mpira koyandamitsa pakatikati kaja. Usiku umenewo mkulu wina amene ndinakhala naye benchi imodzi anangoti Spain yasowa mwayi, ine ndinakana mpaka pano ndimakanabe. Mawa lake ndinagula bando n'kukaona chithunzi chimene amajambula chosonyeza kuti ndani amapatsira ndani, pamene mizere imanenepa ngati anthu awiri apatsirana kambirimbiri. Mizere yonenepa inali kumbuyo, pakati pa ma difenda a Spain Rodri ndi Laporte komanso kupita kwa ma fulubaki, mpira kumangozungulira ngati galimoto pa raundabauti, kutsogolo timizere toonda ngati ulusi. Ndipo sizinachitike zokha ayi, kochi wa Morocco Walid Regragui anachita kukonza. Anaika anayi kumbuyo, Sofyan Amrabat patsogolo pawo ngati mlonda wa pageti, anayi ena pakati, ndiye sitiraika En-Nesyri ntchito yake yayikulu inali kuima potseka njira yopita kwa Busquets, osewera wapakati wa Spain. Ma difenda a Spain anawasiya dala kuti azipatsirana mpaka atope, bola mpira usadutse pakati. Ndiye mapasi 1,000 aja ambiri anali amene Morocco inalola yokha.

Leicester nayo inatenga ligi ya ku England mu 2016 ikusunga mpira osafika theka, Kanté kulanda, Mahrez kapena Drinkwater kuponya kutsogolo, Vardy liwiro. Imeneyo sindichedwapo, aliyense akuidziwa.

Palinso nambala ina imene yatchuka, xG, imene amatenga mashoti masauzande akale n'kuona kuti munthu akamenya ali pamalo akutiakuti, ndi phazi kapena mutu, amagoletsa kangati. Ena akuitukwana ati ndi za anthu amene sanamenyepo ngakhale chikulunga. Amakonda kutchula chigoli cha Gabadinho Mhango pa gemu ya Flames ndi Morocco ya AFCON ku Yaoundé pa 25 January 2022, pomwe anamuona Bounou yemweyo atatuluka pang'ono pagolo n'kumukwapula ali kutali zedi gemu itangoyamba kumene, dziko lonse linakuwa, ine ndinadumpha mpaka kugwetsa tiyi wa mayi a kunyumba. Amati kompyuta ikanamuuza kuti usamenye. Zoona, xG ya shoti ija ndi yochepetsetsa, ndipo n'chifukwa chake chigolicho sitidzachiiwala. Koma nambala yomweyo imatiuzanso zimene mtima sufuna kumva, kuti timu singamadalire chigoli chotere gemu iliyonse. Pambuyo pake Morocco inatipanikiza, Charles Thom anagwira ntchito yoopsa pagolo, komabe En-Nesyri anabweza tisanapite kopuma, Hakimi n'kumaliza ndi frikiki, 2-1. Funso limene ndinkafuna nyuzi ifunse linali loti ma Flames akalanda mpira, pasi yachiwiri ndi yachitatu imapita kuti, bwanji mpira umabwereranso kwa eni ake msangamsanga choncho.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lenileni. Za Arsenal kapena Man City mwana wa ku Ndirande akhoza kukuuzani mpaka mapasi amene ka midifiyuda kaponya kutsogolo, koma za Bullets, Manoma kapena Silver timangomva zigoli, makadi, ndi kochi akunena kuti anyamata anasewera bwino koma sitinagwiritse ntchito mipata. Mipata ingati? Inachokera mbali iti?

Tsiku lina ndinapita kukaonera gemu ya ligi yathu nditatenga kope la mwana ndi bolopeni. Ndinasankha chinthu chimodzi chokha, nthawi iliyonse goloboyi wa timu imene ndimasapota akayambitsa mpira, ndimalemba ngati waponya pafupi kapena wamenya wautali, komanso ndani wautenga. Anzanga amandifunsa ngati ndayamba usikauti, wina kumandigunda chigongono pomwe mpira uli m'mwamba, kopelo mpaka linadontheredwa mafuta a chipisi. Koma pofika hafu taimu tsamba linkaonetsa poyera, pafupifupi mipira yonse inali bola kunthazi, ndipo yambiri imagwera pamutu pa difenda wamtali wa timu inayo chifukwa sitiraika wathu ndi wamfupi. Masapota kumbuyo kwanga amatukwana osewera apakati kuti sakuoneka, chonsecho mpira umangowadutsa pamwamba. Kochi mwina ali ndi chifukwa chake, mwina bwalo ndi la mabampu moti kuyambira pansi n'kudziputira ngozi, koma palibe amene anamufunsa.

Ngati munthu m'modzi ndi bolopeni angaone zimenezi, kuli bwanji mtolankhani wanu amene amakhala pamalo abwino ndipo akhoza kubwerezanso vidiyo? Sindikupempha makina odula ngati a Opta, kampani yowerenga manambala a mpira. Tumizani anthu awiri ku Kamuzu Stadium kapena ku Bingu, wina azilemba nkhani wina aziwerenga mashoti, makona, ndi malo amene timu ikutayira mpira, Lolemba mutiikire ka bokosi pambali pa lipoti. A SULOM ndi a FAM akaona kuti anthu akuzifuna mwina nawonso ayamba kusunga manambalawa ligi yonse. Ndipo ngati mukusowa munthu wowerenga gemu za ku Blantyre, kope lija masamba akadalipo, mundiuze ndibwera.

Sapota wa ku Zingwangwa,
Blantyre