Foni ndi AI pazokha sizipanga katswiri wotsatsa malonda

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata amene akufuna kulowa ntchito yotsatsa malonda, ine ndakhalamo zaka zingapo ndipo zomwe ndikuona pano zikundidetsa nkhawa. Mwana akangodziwa kudula vidiyo pa foni nkuuza AI, mapulogalamu apakompyuta aja otsanzira nzeru za munthu, kuti imulembere mawu, basi akuti wafikapo, ndi katswiri wa ma advert. Ayi ndithu.

Tsiku lina ndinakhala pafupi ndi mng'ono wanga akuonera YouTube, advert itangoyamba chala chinali kale pakona kudikira kuti masekondi 5 aja athe adine skip, sanamve nkomwe kuti akumutsatsa chani. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ndikudziwa kuti kuseri kwa kavidiyo kameneko kuli anthu amene anachezera usiku, wina kulemba mawu wina kujambula wina kukokanakokana ndi kasitomala pa nkhani ya bajeti, nde zonsezo zangopita ndi chala chimodzi. Munthu ngati ameneyu zithunzi zowala sizimuimitsa, pamafunika ganizo lomugwira mtima.

Taonani kampeni ya Coca-Cola ija ya Share a Coke, inayambira ku Australia mu 2011, anangotenga mayina 150 odziwika nkuwalemba pamabotolo, anthu nkumapekesa mufiriji kusaka botolo la dzina lawo olo la chibwenzi chawo. Wina anangomvetsa kuti munthu amanyadira dzina lake, basi. Just Do It ya Nike, mawu atatu okha, anaiganiza ndi katswiri wotsatsa malonda Dan Wieden mu 1988 ndipo mpaka lero ikugwirabe ntchito. Koma Coca-Cola yomweyo itatulutsa advert ya Khirisimasi yopangidwa ndi AI mu 2024 anthu ambiri anadandaula kuti ilibe moyo.

Sikuti ndikudana ndi AI, inenso ndimaigwiritsa ntchito, ndipo TikTok ndi ma influencer, anthu otchuka pa intaneti amene amatsatsa zinthu, zabweretsa ntchito zomwe kale kunalibe. Kungoti zinthu zagwedezeka, mu Disembala 2024 Omnicom inalengeza kuti ikugula Interpublic, onse awiri makampani akuluakulu otsatsa malonda, ndipo akaphatikizana chonchi ntchito zina zimatha. Mmene ndikuonera ine woyamba kuvutika ndi uja amangodziwa kudina mabatani.

Ndiye wachinyamata iwe, kakhale pamene anthu akugula zinthu umvetsere mmene amayankhulira akamasankha katundu, lemba mitu 20 ya advert imodzi nkutaya 19, sunga ntchito zako zonse ngakhale zomwe zinakanidwa chifukwa pa intavyu amafuna kuona mmene umaganizira.

Nanunso mabwana a makampani otsatsa malonda, ana amene mwawatenga kuti aphunzire ntchitowa musamangowatuma kuposita zinthu pa Facebook tsiku lonse. Alowetseni mchipinda momwe mukukambirana za kampeni yatsopano, akhale pampando ayankhuleko nawo.

Wowerenga wanu wa nthawi zonse