Loweruka tikuika Linux pa malaputopu akale

Mamembala a gulu la Linux,

Loweruka likubwerali tikumana kuchipinda chathu cha masiku onse chija, kuyambira 9 koloko mmawa mpaka 1 koloko masana. Nkhani ndi ya malaputopu omwe mwakhala mukudandaula kuti Windows 10 ikuwalemera, poti nayo Microsoft inasiya kuisamalira mu Okutobala 2025.

Makina a 64-bit tiwaikira Lubuntu, mtundu wa Linux wopepuka. Amene anu ndi a 32-bit musataye bandulo kudawuniloda Lubuntu, ya mtundu umenewo anasiya kutulutsa kalekale, inuyo tikuikirani antiX, Linux inanso yopepuka, yomwe imayenda bwinobwino ngakhale RAM ili 1GB yokha.

Bwerani ndi:
- laputopu ndi chaja chake, mabatire ambiri anafa tikudziwa
- flash ya 8GB yopanda kanthu, pulogalamu ya Rufus imafufuta zonse poikonza kuti ikhale bootable (yoikira Linux)
- chingwe cha foni cha USB
- K2,000 ya mayunitsi a magetsi ndi bandulo

Chingwecho nchofunika kwa omwe Wi-Fi idzakane ikatha installation, kawirikawiri amakhala makadi a Broadcom, ndiye timalumikiza intaneti ya pafoni kaye kenako nkuika driver (pulogalamu yoyendetsa kadiyo) basi.

Chonde koperanitu mafayilo anu muli kunyumba, ma CV, zithunzi, ma assignment onse. Ulendo wathawu wina anadina "Erase disk" osafunsa, zithunzi za chinkhoswe zonse zinapita ndipo mpaka lero amandiyang'ana ngati ndinadina ndine.

Yankhani kuti "ndibwera" pofika Lachinayi madzulo, mutchulenso mtundu wa laputopu yanu ndi RAM yake kuti ndidziwiretu ma ISO (mafayilo oikira Linux) oti nditenge.